Kuyenda ndi maso m'tauni ya Blantyre

Munthu amene amadutsa mu Victoria Avenue tsiku ndi tsiku, mukamufunsa kuti pamwamba pa sitolo imene amagulamo buledi pali mawindo angati, amangoti kakasi. Sikuti maso ake ali ndi vuto ayi. Diso limaona chimene lauzidwa kuti lifune: minibasi ya ku Ndirande, galimoto imene ikukhota, munthu amene ali nanu ngongole. Zina zonse limangozidumpha. Ndiye luso loyenda ndi maso lagona pa kulipatsa diso ntchito imodzi, pa msewu umodzi, ndi kubwererako kangapo.

Sankhani kamtunda kochepa, mamita 500 kapena kilomita imodzi basi. Kuchokera kumtunda kwa Victoria Avenue, pamene imakumana ndi Glyn Jones Road, kutsetsereka mpaka kumsika pafupi ndi mtsinje wa Mudi, n'kokwanira. Munthu wothamangira ku ntchito amatha kilomita imodzi m'mphindi 12. Inu ipatseni mphindi 25 kapena 30. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, zomvetsera nyimbo muchotse m'makutu, m'manja mukhale kakope kakang'ono ndi cholembera. Ulendo uliwonse ukhale ndi ntchito yake: lero pansi, mawa m'mwamba, mkuja anthu ndi malonda awo. Amene amafuna kuona zonse tsiku limodzi amafika kunyumba ali ndi mutu wodzaza koma osakumbuka kanthu.

Yambani ndi pansi, chifukwa pansi sipanama. Chigamba cha phula chachitali, chopyapyala, chodula msewu mopingasa, chimasonyeza kuti panakumbidwa poika paipi kapena nthambo. Chigamba chozungulira ndi dzenje limene linakwiriridwa, ndipo mukaona zigamba zitatu zinayi zitasanjikizana pamalo amodzi, yang'anani chakumtunda: kawirikawiri pali ngalande yotsekeka imene imataya madzi pamenepo, ndipo madzi akalowa pansi pa phula dzenje limabwerera dzinja lililonse. Udzu wobiriwira m'mbali mwa msewu mu Okutobala, pamene kwina konse kwauma gwa, ndiye kuti pansi pali paipi yodontha. Mapepala apulasitiki ndi zinyalala zokodwa pa waya wa mpanda, zonse pa msinkhu umodzi, zikukuuzani pamene madzi anafika mvula yapita ija. Onaninso tinjira tachidule todula pakapinga. Amene anakonza msewu anafuna kuti anthu azungulire, mapazi a anthu anakana, ndipo kanjirako kamaloza ndithu kumene anthu ambiri amapita: pokwerera minibasi, pa mpopi, pa chiwaya.

Pansi pomwepo ndi pamene pali ngozi. Ngalande zambiri m'tauni n'zosavundikira, ndipo zivundikiro zachitsulo zina zinazulidwa ndi ogulitsa zitsulo zakale. Lamulo n'losavuta: mukafuna kuyang'ana m'mwamba, imani kaye, msana ku khoma, kenako kwezani mutu. Osayenda maso ali kudenga. Pamene palibe njira ya oyenda pansi, yendani kudzanja lamanja kuti muziyang'anizana ndi magalimoto, popeza kuno amayenda kumanzere. Njinga zamoto za kabaza zokha ndiye zimatulukira mbali iliyonse, khutu likhale tcheru.

Tsiku la m'mwamba muwolokere tsidya lina la msewu, chifukwa nyumba simungaione mutaima pakhonde pake. Pansi pa nyumba zamalonda pamasintha chaka ndi chaka, lero sitolo ya mafoni, mawa ya kaunjika, koma kuyambira pa denga la khonde kukwera m'mwamba eni ake sawonongerapo ndalama. Kumeneko ndiye kumatsala zakale: dzina la sitolo yoyamba likuonekera pansi pa penti watsopano, timabowo tolowetsa mphepo, pena chaka chimene nyumba inamangidwa. Mu Haile Selassie Road ndi m'misewu ya ku Limbe muli zambiri zotere. Mzere wakuda wotsika pakhoma ukutanthauza kuti ngalande ya padenga inabooka pamwamba pake. Khoma loyang'ana kummwera limachita ndere msanga kuposa loyang'ana kumpoto, chifukwa m'miyezi yozizira ya chiperoni dzuwa silifikako.

Pofuna kuphunzitsa diso kuona njerwa, pitani ku tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, yemwe sanali katswiri wojambula mapulani, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo. Imani mamita awiri kuchokera pakhoma, muwerenge mitundu ya njerwa imene mukuiona pa chipilala chimodzi: zokhota, zosongoka, zokhala ndi mphako. Kenako bwererani mmbuyo mamita 30 muone ngati nsanja ziwiri zakutsogolo zili zofanana. Sizofanana. Mukachoka pamenepo n'kukaona Mandala House, ya 1882, ndi khonde lake lozungulira, mudzayamba kusiyanitsa nyumba zomangidwa poganizira dzuwa ndi mvula ndi zomangidwa poganizira lendi yokha.

Chithunzithunzi nachonso chimanena nthawi ya chaka. Mu Juni ndi Julayi dzuwa la masana limapendekera kumpoto, chithunzithunzi cha polo ya magetsi n'kugwera kummwera, mbali ya phiri la Soche. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, nthawi ikamathamangira 12 koloko, dzuwa limakhala paliwombo penipeni ndipo polo imatsala pang'ono kusowa chithunzithunzi. Ogulitsa malonda amazidziwa izi popanda kuuzidwa. Taonani mmene mayi wa nthochi amasunthira dengu lake tsiku likamapita, kapena mbali ya msewu imene osoka nsapato amakhala m'mawa.

Tsiku la anthu ndi malonda ndi lokoma kuposa onse, komanso ndi losavuta kulakwitsa. Yang'anani manja ndi zida, osati nkhope. Telala wapakhonde amapalasa makina ndi phazi limodzi kapena awiri? Choko chake amachisunga pati? Wokonza mawotchi galasi lake lija amaliika diso liti? Wa Airtel Money ndi wa Mpamba, wofiira ndi wobiriwira, amatalikirana mapazi angati, ndipo kope lolembamo manambala amalitsekera ndi chiyani kuti mphepo isalitembenuze? Kuyang'anitsitsa munthu kumaso kopitirira masekondi awiri atatu ndi mwano, ndipo woima malo amodzi nthawi yaitali ali ndi kope m'manja amayesedwa wa khonsolo kapena wofuna kuba. Mankhwala ake ndi moni. "Mwaswera bwanji, mayi?" kapena "Zikuyenda, achimwene?", mugule mtedza wa ndalama zochepa, mulembe mukafika patsogolo. Chithunzi musajambule musanapemphe, ndipo pa mabanki, pa polisi ndi pa nyumba zina za boma foni isatuluke n'komwe.

Dengu la wogulitsa ndi kalendala. Chimanga chootcha chachiwisi chimachuluka kuyambira Febuluwale, mapeyala nthawi yomweyo, mbatata ndi nzimbe zikubwera pambuyo, manachesi a ku Mwanza m'nyengo yozizira, mango ndi masuku mvula ikamayamba. Mitengo nayo imatsatira: jakaranda amathira maluwa ake ofiirira pamsewu mu Seputembala ndi Okutobala, masamba asanabwere. Lembani tsiku limene mwaona mango oyamba ndi mtengo wa mulu umodzi, mudzayerekeze chaka chamawa.

Manambala a magalimoto ali ndi nkhani yawo. MG ndi ya boma, manambala ofiira pa chikwangwani choyera ndi a galimoto zamalonda monga maminibasi, ndipo zilembo ngati TO, MJ, ZA kapena CZ zikutchula Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Chiradzulu. Imani mphindi zisanu pa Ginnery Corner muwerenge magalimoto 20 otsatizana. Musathamangire kunena kuti dalaivala ndi wa kumeneko.

Makutu apatseninso tsiku lawo. Majenereta akamalira m'makonde ndiye kuti magetsi azima, musanaone n'komwe maroboti. Oitanira minibasi satchula maina onse, amawadula, ndipo mawu ake amasintha galimoto ikatsala anthu awiri kuti idzaze. Akhwangwala akachuluka malo amodzi, kuseri kwake kuli dzala kapena lesitilanti. Fungo nalo limagawa tauni: mafuta a chipisi, utsi wa makala, fodya ku Limbe nyengo ya msika, Mudi musanauone.

Mukamaliza ulendo lembani zinthu zitatu zokha, pasanathe mphindi 10, chifukwa mukadikira madzulo mutu umasalaza zonse n'kusiya "kunali anthu ambiri". Chinthu chilichonse chikhale ndi malo, nthawi ndi nambala kapena mtundu. "Sitolo yakale" sikuthandiza. "Chitseko chobiriwira, maloko atatu, limodzi ladzimbiri, 7:15 m'mawa" ndiye kulemba. Pansi pake ikani funso limodzi loyamba ndi "chifukwa chiyani", ndipo yankho musalipeke. Ambiri amagwa apa: amaona chitseko chotseka Lachisanu masana n'kulemba kuti bizinesi yagwa, pamene mwini wake wapita ku mzikiti ndipo atsegula 2 koloko.

N'chifukwa chake msewu womwewo muuyende nthawi zitatu zosiyana: 6 koloko m'mawa osesa ndi alonda asanachoke, masana dzuwa lili pamutu, ndi cha m'ma 5 madzulo ogulitsa ndiwo akamayala pansi kudikira oweruka ku ntchito. Onjezani Lamulungu limodzi, tauni ili zii, kuti muone makoma ndi zitseko zimene masiku ena zimabisika ndi katundu. Ulendo wachinayi uyambire kumsika kukwera mtunda, mbali ina ya msewu, ndipo mutenge mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ngati alipo pakhomo. Maso ake ali pa msinkhu wa mita imodzi, ndipo pamenepo pali zotsekera mabotolo zomatirira mu phula, mizere ya nyerere ndi mphaka wa pansi pa benchi, zimene wamkulu anasiya kalekale kuziona. Mumugwire dzanja, iye akhale mbali ya khoma, inu mukhale mbali ya magalimoto.