Lekani kuthyola mitu ya bowa wa pakapinga

Mvula itangolowa pansi chaka chino, bowa wamera paliponse kuno ku Chigwa cha Shire: pabwalo la sukulu, kuseri kwa makola a ng'ombe, pa kapinga wothiriridwa wa ku Nchalo, ngakhale m'mbali mwa msewu wa ku Bangula. Ndiwo zikuvuta miyezi ino, zimenezo tonse tikuzidziwa. Koma chimene chikundiwawa mtima n'chakuti pakhomo pambiri akutuma ana kukatola bowa, ndipo anawo akubwera ndi mitu yokhayokha m'beseni. Tsinde analisiya m'nthaka. Mayi akayang'ana mitu yoyera mbee, amangoti ndi utale, bowa wodyedwa uja, mphika pamoto.

Mutu wokha sungakuuzeni kanthu. Utale umachokera kunyumba ya chiswe pansi pa nthaka, n'chifukwa chake ukaukumba bwino umatuluka ndi chimuzu chachitali chosongoka cholowa pansi. Umboni wake ndi umenewo, ndipo mwana akathyolera pamwamba wautaya. Pa kapinga ndi pamalo a ndowe pamakonda kumera bowa wina amene akatswiri amamutcha Chlorophyllum molybdites. Ndi wamkulu, woyera, wonenepa bwino. Pamutu pake pali timamba tofiirira, patsinde pali kamphete, chimuzu chachitali alibe. Timizere ta kunsi kwa mutu timayera ali wanthete, koma akakhwima timayamba kubiriwira. Vuto n'lakuti ana amasankha wanthete yemweyo, timizere tisanasinthe.

Ameneyu akalowa m'mimba, pasanathe maola atatu munthu amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri, nthawi zina mpaka magazi. Ndi kutentha kwa Nsanje ndi Chikwawa, mwana kapena agogo amatha madzi m'thupi mofulumira. Banja lonse limadya mphika umodzi, ndiye lonse limagona limodzi, nthawi yomwe udzu ukupikisana ndi mapira komanso thonje m'munda. Onjezanipo ya kabaza wopita kuchipatala. Ndiwo zaulere zija zakudyerani ndalama ya mbewu ya kudimba.

Bambo wina wa kufupi ndi Ngabu anandiimitsa panjira kuti anditsutse. "Alangizi, bowa ameneyu mphutsi zinali zitamudya, ndiye amayi a kunyumba anamuwiritsa kawiri n'kutaya madzi. Chinalakwika n'chiyani?" Anali atangochokera kuchipatala ndi ana awiri. Zikhulupiriro zimenezi ndatopa nazo. Mphutsi, nkhono ndi nyerere zimadya bowa amene angaphe munthu, matupi awo si athu. Kuwiritsa, kuyanika kapena kuthira chidulo sikuchotsa chiphe cha bowa woopsa kwenikweni. Zoti supuni ikapanda kuda mumphika ndiye kuti zili bwino n'zabodza. Enanso amayamba apatsa galu n'kudikira pang'ono, osadziwa kuti pali bowa amene amakhala chete maola 6 mpaka 24 asanayambe kupweteka. Wotereyu munthu amasanza, kenako amaoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka m'kati. Mitundu yoopsa chonchi nthawi zambiri imakhala ndi kathumba kokuta tsinde pansi penipeni, pamalo pomwe paja ana akusiya m'dothi.

Ndipo musanamizidwe ndi ndelema amene mumagula kwa anthu otsika naye kumapiri. Ameneyo amamera pansi pa mitengo ya m'nkhalango za kumtunda monga mombo ndi msuku. Mukaona wofanana naye pabwalo la mpira kuno kuchigwa, si iye. Azigogo athu ankadziwa bowa ndi dzina lake, malo ake ndi mwezi wake, ndipo wina aliyense ankangomutcha chirombo n'kumupitirira. Ife tatenga njala yokha, luso lija tasiya.

Chochita n'chachidule. Kumbani ndi mpeni kapena kamtengo kuti atuluke yense ndi muzu, ndipo mitundu yosiyana isasakanizidwe m'beseni limodzi. Ana asapite okha. Mukakayika, dulani mutu umodzi, muuvundikire papepala loyera ndi mbale usiku wonse. Pakatsala fumbi lobiriwira, tayani yense m'chimbudzi kumene ana ndi ziweto sangafike. Fumbi la mtundu wina silikutanthauza kuti ndi wabwino, ameneyo aonedwe ndi wachikulire amene wakhala akudya mtundu womwewo kudera lomwelo. Wa m'mbali mwa minda ya nzimbe ndi thonje yopoperedwa mankhwala musiyeni ngakhale mukumudziwa.

Wina akadwala atadya bowa, m'patseni madzi a ORS pang'onopang'ono muli panjira yopita kuchipatala, ndipo onse amene anadya nawo apite, ngakhale amene akudzimva bwino. Tengani wotsala, waiwisi kapena wophika. Uzani adokotala kuti munadya bowa ndi nthawi imene munadya, chifukwa nyengo ino kusanza ndi kutsegula m'mimba anthu amathamangira kuganiza za kolera.