Momwe mungakweretsere nkhosa zachikuda ndi Dorper kuti ana azikula msanga

Nkhosa zathu zachikuda, zija za mchira wamafuta zomwe zimadya m'madambo a ku Machinga, Mangochi ndi Salima, n'zopirira kwambiri. Chilimwe chikawawa zimapulumuka, ndipo matenda sazigwetsa wamba. Vuto lake ndi thupi: ana amakula pang'onopang'ono, ndipo wogula akangogwira pamsana amatsitsa mtengo. Apa ndi pomwe Dorper imathandiza. Mtunduwu unapangidwa ku South Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1930 pokweretsa nkhosa za mitundu ya Dorset Horn ndi Blackhead Persian, ndipo mwana wake akamadya mokwanira amatha kufika makilogalamu 36 ali ndi miyezi inayi yokha. Mwana wa mkota wachikuda ndi mphongo ya Dorper amatenga kupirira kwa make ndi mnofu wa bambo wake, komanso amakhala wamphamvu chifukwa magazi awiriwa ndi otalikirana.

Yambani ndi mikota yanu, musanaganize zogula mphongo. Sankhani yomwe imaswa chaka chilichonse, ya mkaka wambiri, mano ali onse, ndiponso yosakana mwana. Msoti womwe sunaswepo, kapena mkota wochepa thupi, musaupatse Dorper, chifukwa mwana amakhala wamkulu ndipo ungavutike poswa.

Kenako pezani mphongo. Imodzi yokhwima imakwanira zazikazi 25 mpaka 30, choncho ngati muli ndi nkhosa zisanu zokha, sonkherani ndi anzanu a m'mudzi. Pitani ndi mlangizi wa ziweto akaione miyendo, mano ndi machende, onse awiri akhale ofanana komanso olimba. Ikafika, ikhale payokha milungu itatu, imwe mankhwala a nyongolotsi ndipo muisambitse mankhwala a nkhupakupa. Pamenepa musachite ulesi: Dorper siizolowera nkhupakupa zakuno ngati zachikuda, ndipo matenda omwe nkhupakupazi zimafalitsa angakupheereni mphongo yodula isanakwere n'komwe.

Mphongoyo ikamasunthidwira m'khola lalikulu, tiana tatimuna tonse tomwe simukufuna kuti tikwere tikhale titafulidwa kale. Kumene nkhosa za mudzi wonse zimadyera limodzi, gwirizanani kaye ndi eni ake. Mukapanda kutero, mphongo ya mnzanu ikuyambirirani kudambo ndipo ndalama zanu zapita pachabe.

Nthawi yokweretsa muiwerengere chobwerera. Nkhosa imakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu. Mukakweretsa mu Novembala kapena Disembala, ana amabadwa mu Epulo kapena Meyi, mvula ikutha, msipu ukadalipo, zotsala za mtedza ndi mapesi zikubwera, ndipo nyongolotsi zayamba kuchepa. Koma mu Novembala mikota imakhala itaonda ndi chilimwe, ndiye kwa milungu itatu musanalowetse mphongo muziipatsa madeya, masamba a lukina ndi kamchere. Mkota wopeza thupi pa nthawi imeneyi umatenga bere msanga, ndipo mwayi wa mapasa umakula. Chakudya chomwechi muonjezerenso m'milungu isanu ndi umodzi yomaliza ya bere.

Ana akabadwa, onetsetsani kuti ayamwa mkaka woyamba uja wachikasu m'maola oyambirira. Dziwani kuti ana osakanizawa amadya kuposa achikuda. Mukawasiyira udzu wouma wokha, kusiyana kuja simukuona. Muziwatsegula chikope cham'munsi kawirikawiri: chikayera m'malo mofiira, nyongolotsi zikumwa magazi, apatseni mankhwala.

Tsopano pamene alimi ambiri amalakwitsa. Akaona ana oyamba atanenepa, amakweretsanso ana aakaziwo ndi Dorper, kenako adzukulu nawonso. Ana oyamba amakhala theka Dorper, achiwiri magawo atatu mwa anayi, achitatu magawo asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu. Pofika apo kupirira kwa chikuda kwatha, mwatsala ndi nkhosa yofuna madeya ndi mankhwala mwezi ndi mwezi. Alimi a ku Kenya anaziona izi: nkhosa yawo ya Red Maasai, yomwe imalimbana bwino ndi nyongolotsi kuposa Dorper, inachepa kwambiri chifukwa chokweretsa mosasamala. Ine ndimalangiza kuti kwa nkhosa zodyera kutchire, imani pa theka. Ana aamuna osakaniza afuleni, anenepetseni ndi kugulitsa, makamaka nyengo ya Idi pomwe nkhosa zimafunidwa. Mikota ina yabwino kwambiri, mwina imodzi mwa itatu iliyonse, izikweredwabe ndi mphongo yachikuda kuti muzikhala ndi misoti yolowa m'malo mwa yokalamba.

Mphongo ya Dorper isapitirire zaka ziwiri m'khola limodzi, kuopa kuti ingakwere ana ake. Sinthanani ndi mudzi wina, ndipo lembani m'kope mkota uliwonse, mphongo yomwe inaukwera, tsiku loswa ndi kulemera kwa mwana pa miyezi inayi.