Kuphunzitsa Ana Mpira Kudzera m'Masewero a Magulu Ang'onoang'ono

Aphunzitsi ambiri a matimu a ana ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amayamba zokonzekera poimika osewera pamzere, aliyense n'kumadikira nthawi yake yozungulira makoni ndi mpira. Mwana wophunzira motere amadziwa kumenya mpira, koma tsiku la masewero mdani akamuthamangira amasowa chochita, chifukwa makoni salanda mpira ndipo sanamukakamizepo kuganiza.

Vutoli analiona David Bunker ndi Rod Thorpe a pa yunivesite ya Loughborough ku England, ndipo mu 1982 anafalitsa njira yotchedwa Teaching Games for Understanding. Mfundo yake ndi yakuti ana ayambe ndi kusewera, ndipo luso la phazi kapena la manja liphunzitsidwe pamene iwo eni aona kufunika kwake.

Gawani anawo anayi anayi pa kabwalo ka mamita pafupifupi 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Miyala ikwanira kukhala magolo. Akasewera mphindi zisanu, sinthani lamulo limodzi lokha. Mukafuna kuti azitukula mutu, ikani magolo awiri mbali iliyonse, ndipo posachedwa adzazindikira okha kuti golo lina likatchingidwa, mpira uyenera kusamukira kumene kulibe anthu. Mukafuna kuti otchinga kumbuyo azilankhulana, atatu alimbane ndi anayi. Ku mpira wa manja, kumene wosewera saloledwa kusunga mpira kupitirira masekondi atatu, maganizo ofulumira ndi ofunika kwambiri, choncho atsikana azolowere kupatsirana mdani ali pafupi.

Chovuta kwa ife aphunzitsi ndi kugwira pakamwa. Tinazolowera kukuwa kuti "Patsira! Menya!", ndipo tikatero timamulanda mwana mpata wosankha yekha. Mwana akataya mpira, imbani wenzulo, aliyense aime pomwe ali, ndipo mufunseni modekha kuti, "Unaona ndani ali yekha? Ukanachita chiyani china?" Musamuyankhire ngakhale atachedwa. Yankho lake likasonyeza kuti anaganiza bwino koma phazi ndi limene linalephera, apo ndi pamene mumupatule mphindi zochepa kuti ayeserere kupatsira, kenako abwerere m'masewero.

Masabata oyamba mipira idzatayika yambiri, ndipo makolo ena adzadandaula kuti anawo akungosewera chikulunga. Aitaneni aime pambali panu, amve mafunso anu ndi mayankho a ana awo.