Mukafuna kusunga mbiri ya Mangochi, yambirani pakhonde la agogo

Chaka chilichonse ndimatenga ana anga a Sitandade 7 kupita nawo pa nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Amawerenga okha kuti inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndiponso kuti anthu 145 anamira ndi sitima ya Viphya mu Julaye 1946. Amasisita mzinga wa sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Majeremani kutsidya kwa nyanja. Tikatero timalowa mu myuziyamu, m'nyumba imene kale inali kalabu ya azungu. Ndiye tsiku lina kamtsikana kena kanandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga pamene azungu ankamanga zonsezi, anthu a kwa Mponda anali kuti?" Ndinasowa poloza chala. Za Fort Johnston, dzina lakale la boma la Mangochi, zili panjerwa ndi pachitsulo, koma za eni dera zili m'mitu mwa nkhalamba zimene tikuziika m'manda mwezi ndi mwezi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuzijambula mawu, ndipo apa ndikuuzani mmene inunso mungachitire.

Musanatulutse foni, kaonekereni kwa amfumu. Pitani ndi munthu wa m'mudzimo, fotokozani chimene mukufuna ndi kumene mawuwo akasungidwe. Nenani poyera kuti si za bungwe ndipo kulibe alawansi, apo ayi mudzapeza mudzi wonse wakhala pansi pa mtengo kudikira kulembedwa mayina. Gulu lanu lisakule. Anthu atatu akwana: wofunsa, wogwira foni, ndi wolemba. Mmodzi mwa iwo azidziwa Chiyao cha pansi penipeni, chifukwa agogo ambiri kuno akafika pa nkhani yowakhudza mtima amasiya Chichewa. Asiyeni ayankhule m'chinenero chawo, kumasulira mudzachita kunyumba.

Amfumu adzakulozerani amuna a kubanja kwawo. Amvereni ndithu, koma musalekere pomwepo. Funani asodzi akale, amayi amene ankawamba chambo, ovina beni, amene anapita ku Wenela. Samalaninso nthawi. Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti, m'mwezi wa Ramadani nkhalamba imakhala yofooka dzuwa likapendeka, ndipo asodzi a usipa mumawapeza bwino mwezi ukamawala, pamene sapita panyanja ndi nyali. Tengani kapaketi ka shuga kapena sopo, musapite chimanjamanja.

Pa kafunsidwe ndi pamene ambiri timalakwa. Mukanena kuti "Agogo, tiuzeni mbiri ya mudzi uno," adzakuuzani zimene anamva pa wailesi. Afunseni zazing'ono zimene anazigwira ndi manja: mlatho kulibe munkawoloka bwanji Shire? Ukonde woyamba munausoka ndi chiyani? Chambo cha ku Malombe chinkadzaza bwanji bwato? Chaka sangachitchule, koma adzanena kuti "njala itangotha" kapena "mbendera isanasinthe," ndiye inu mufunse ngati ndi njala ya 1949 kapena ya 2002, ndipo mudziwe kuti mbendera ija ndi 1964. Akakhala chete musawadule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri mawu onona amatuluka mutayamba kale kupinda kope.

Pali nkhani ziwiri zofunika kuponda mosamala. Za kundagala ndi kunsondo, zinamwali za Chiyao za anyamata ndi atsikana, musazikumbe, zili ndi eni ake. Ina ndi ya mu Febuluwale 1965, pamene anthu a Henry Masauko Chipembere anaukira boma la Fort Johnston, ndi zimene zinagwera midzi pambuyo pake. Mpaka lero ena amatsitsa mawu akafika pamenepo. Akakuuzani kuti zimitsani foni, zimitsani iwo akuona.

Foniyo ichotseni pa netiweki kuti wina asakuimbireni pakati pa nkhani. Iikeni pa kansalu pafupi ndi pakamwa pawo, kuseri kwa khoma ngati kukuwomba mwera, ndipo atambala athamangitsidwe. Poyamba tchulani tsiku, mudzi, dzina lawo, ndipo iwo anene okha kuti avomera kujambulidwa.

Tsopano imvani tsoka langa. Ndinali ndi nkhalamba zisanu ndi zinayi m'foni imodzi, kuphatikizapo bambo wina amene anandiimbira nyimbo za beni madzulo onse, kufotokoza mmene gule ameneyu anatengera perete wa asilikali. Ndinkati ndidzakopera tchuthi chikayamba. Foni inapulumuka m'thumba la malaya ndikutsika m'bwato, n'kumira ndikuiona. Mvula isanathe bambo aja anatisiya. Choncho usiku womwewo mwajambula, koperani ku fulashi, tumizaninso ku imelo kapena ku Google Drive, ndipo fulashiyo izigona nyumba ina, osati yanu. Mayunitsi a intaneti ndi otchipa poyerekeza ndi zimene ndinataya ine.

Akakutulutsirani zithunzi, ziphaso za msonkho, mapasi a ku Joni kapena mamendulo a nkhondo, musabwereke. Zobwereka zotere sizibwerera, tonse tikudziwa. Zijambuleni pamthunzi, kutsogolo ndi kumbuyo, lembani mayina a anthu ali pachithunzipo, kenaka alangizeni eni ake kuziika m'ndowa yapulasitiki ya chivindikiro, pamwamba, kutali ndi chiswe ndi madzi. Mmene nyanja inasefukira mu 2024 mabanja ena a m'mphepete anataya mapepala pamodzi ndi nyumba.

Nkhani ikatchula malo, pemphani mdzukulu akuperekezeni mukaone: doko lakale, mlambe umene ankaweruzirapo milandu, maziko a mzikiti woyamba. Jambulani, lembani dzina limene eni ake amatchula. Malo odziwika kale aja, monga malinga a Fort Mangochi paphiri pamene panali likulu la Jalasi mpaka 1895, Fort Maguire kwa Makanjira, manda a amishoni ku Cape Maclear amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kapena Mwala wa Mphini, musakawakonze mwa nzeru zanu. Zinthu zakale zili ndi lamulo lake, ndiye yambani mwafunsa ku myuziyamu. Ntchito yathu ndi kutchetcha udzu ndi kutola mapepala apulasitiki basi. Moto ayi, simenti ayi, bulashi yawaya ayi, ndipo njerwa, mikanda kapena mapale zisiyeni pomwe zili. Ndinaonapo anyamata a mtima wabwino atapaka laimu manda akale mpaka zilembo zonse kukwiririka. Ankayembekezera kuyamikiridwa, ine misozi ili m'maso.

Chotsala ndi kubweza. Konzani tsiku, itanani amfumu, bwerekani sipika, mudzi umve mawu a agogo awo. Mudzaona mkangano ukubuka, wina akuti doko silinali pamenepo, wina akuti mfumu imeneyo inabwera pambuyo. Musaweruze, jambulaninso mkanganowo. Ana asukulu apatseni ntchito yolemba mawuwo m'makope, aliyense mphindi zisanu zokha, chifukwa kulemba ola limodzi la zojambula kumadya tsiku lathunthu.

Ndipo tsukitsani chithunzi cha agogo aliyense pa situdiyo mukawapatse m'manja. Amayi ena okalamba a kwa Chimwala anapachika chawo pamwamba pa chitseko, ndipo sabata yotsatira anatuma mdzukulu pa kabaza kudzandiitana. Akuti anali atakumbukira nyimbo ina yosinjira imene anaiwala tsiku lija.