Momwe mungapezere komwe kunagona wachibale amene anafera kunkhondo ya Keyala

Kwathu nkhani inali yoti "anapita ku Burma osabwerera." Achimwene awo a agogo anga aakazi analembedwa usilikali wa Keyala, King's African Rifles, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo chomwe chinabwerako ndi uthenga wodzera kwa mfumu woti munthu uja watisiya. Maliro analira opanda mtembo. Agogo anali kamtsikana nthawi imeneyo, koma mpaka imvi mbuu funso lawo linali lomwelo: kodi anawaika m'manda kapena anangowasiya kutchire? Yankho ndinalipeza, ndipo njira yake ndi iyi.

1. Yambani ndi nambala, dzina pambuyo

Musanatsegule foni, pitani kwa akuluakulu. Funsani nkhondo yake: ya Jeremani ya 1914 mpaka 1918, kapena ya Hitler ya 1939 mpaka 1945. Funsani dziko limene ankatchula. Asilikali a Nyasaland anamenya ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, kenako ku Abyssinia (Ethiopia ya lero), ku Madagascar mu 1942, ndipo ambiri anadzera ku Ceylon (Sri Lanka ya lero) asanalowe m'nkhalango za Burma mu 1944.

Koma chuma chenicheni ndi nambala yausilikali. Ifufuzeni m'mathiranki akale, m'kati mwa Baibulo, pa kalata iliyonse imene munthuyo anatumiza kumudzi, chifukwa asilikali ankalemba nambala ndi gulu lawo pa keyala yowayankhira. Mamendulo a nkhondo yoyamba ali ndi dzina ndi nambala m'mphepete mwake. A nkhondo yachiwiri, monga Burma Star ndi Africa Star, ankaperekedwa opanda dzina. Nchifukwa chake wina akakuuzani pa intaneti kuti ali ndi "mendulo ya agogo anu" ndipo mutumize ndalama, dziwani kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu.

2. Fufuzani ku CWGC, koma apa ndi pomwe ndinapsa

Bungwe la Commonwealth War Graves Commission (CWGC), lomwe linakhazikitsidwa mu 1917, limasunga maina a anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene anafa pa nkhondo ziwirizi. Pa nkhondo yachiwiri limawerengera omwalira kuyambira pa 3 September 1939 kufika pa 31 December 1947, choncho ngakhale amene anamwalira ndi matenda nkhondo itatha akhoza kupezekamo. Kufufuza pa webusaiti yawo nkwaulere. Mumangofunika bandulo basi. Ine ndisanadziwe zimenezi ndinalipira munthu wina wodzitcha katswiri wa mbiri za mabanja, ndipo chimene ananditumizira ndi chithunzi cha tsamba lomwelo laulere.

Vuto ndi maina. Kalaliki wolemba asilikali ankalemba monga wamvera. Yohane amasanduka Johane kapena John, Wilisoni amakhala Wilson, L ndi R zimasinthana mwachisawawa. Kawirikawiri mfunda sunkalembedwa. Ankalemba dzina la munthu ndi la bambo ake. Ena analembetsa dzina lachikhristu limene kumudzi sankaitanidwa nalo, ena dzina la ubwana. Ine ndinatha milungu ndikulemba mfunda wathu, osapeza kanthu.

Tsiku lina usiku ndinayesa dzina lawo limodzi ndi la bambo awo. Linatuluka. King's African Rifles, 1944, manda ku Taukkyan War Cemetery pafupi ndi mzinda wa Yangon ku Burma (Myanmar ya lero), mzere ndi nambala ya manda zilipo. Sindinagone. Loweruka lake ndinali pakhonde la agogo foni ili m'manja.

"Agogo, ndawapeza achimwene anu. Anaikidwa bwinobwino, manda alipo, dzina lili pomwepo."

Anaigwira foni ndi manja awiri ngati akulandira mbale kwa apongozi. Kuwerenga satha, koma anayang'anitsitsa zilembozo nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu. Madzulo omwewo anatuma mwana kukaitana abale, tinapemphera.

Patapita miyezi, msuweni wanga akusesa m'nyumba ya malemu amalume anapeza kalata yofiirira ndi ukalamba, yopindidwa kanayi, m'thumba la pulasitiki. Inali yochokera ku Ceylon. Pamwamba pake panali nambala. Sinafanane ndi ya munthu wa ku Taukkyan uja ngakhale pang'ono, ndipo bataliyoni inali ina. Ndinali nditapatsa agogo manda a mwana wa eni.

Nditalemba nambala yoonayo payokha, popanda dzina, munthu wathu anatuluka nthawi yomweyo, dzina lake litalembedwa mwa njira imene sindikanaiganizira. Manda odziwika alibe. Dzina lili pa Rangoon Memorial, chipilala chomwe chili mkati mwa manda omwewo a Taukkyan, pamodzi ndi maina pafupifupi 27,000 a asilikali amene palibe akudziwa pomwe anagona. Kubwerera kwa agogo kukawauza zimenezi kunandilemera kuposa kufufuza konse. Anakhala chete, kenako anangoti, "Koma dzina lilipo eti?" Ndinati lilipo.

Choncho ndikukupemphani: musauze nkhalamba chilichonse mpaka zinthu zitatu zigwirizane, nambala, gulu ndi nthawi imene uthenga wa maliro unafika kumudzi. Dzina lokha limanamiza. Pofufuza musadzaze mabokosi onse. Lembani nambala yokha, kapena dzina limodzi ndi King's African Rifles, kenako muzisefa pang'onopang'ono. Yesaninso dzina loyamba m'bokosi la dzina la bambo, chifukwa maina a asilikali achikuda ambiri analowetsedwa onse pamodzi. Ngati nambala ili ndi zilembo kutsogolo, yesani nazo, yesaninso popanda. Ndipo kumbukirani kuti si onse anali a Keyala: ena anali madalaivala, ena a mizinga, ena onyamula odwala m'magulu ena a East Africa.

Amene anafera ku Kenya, Somaliland, Abyssinia kapena Madagascar opanda manda odziwika, ayang'aneni pa zipilala za East Africa Memorial ndi Nairobi Memorial ku Nairobi.

3. Ngati ndi wa nkhondo yoyamba

Apa konzekerani kukhumudwa. Mu April 2021 CWGC inatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe nkomwe. Atengatenga, amene ankasenza katundu wankhondo pamutu nkumafa ndi njala ndi kamwazi, ndiwo anaiwalika kwambiri. Izi nzimene John Chilembwe anadandaula m'kalata yake ya mu November 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikire nkhondo ya ku Karonga. Zimandipweteka kuti padatenga zaka zoposa 100 kuti avomereze. Ngati wanu anali msilikali, pitani ku Zomba mukawerenge nokha maina pachipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks. Ngati muli ndi umboni wa munthu amene sakupezeka paliponse, alembereni a CWGC, chifukwa ntchito yosaka maina osowawa ikupitirira.

4. Kudziwa chomwe chinachitika

CWGC imakupatsani tsiku ndi malo achikumbutso, osati nkhani ya imfayo. Nkhaniyo ili m'mabuku a tsiku ndi tsiku amene bataliyoni iliyonse inkalemba, ndipo amasungidwa ku National Archives ku Kew, London. A ku Burma ali m'gulu la WO 172, a nkhondo yoyamba mu WO 95. Kuitanitsa makope kumalipiritsa mapaundi. Njira yachidule nkupempha wachibale amene ali ku UK akajambule ndi foni, poti chiphaso cholowera nchaulere. Musayembekezere kupeza dzina. Asilikali wamba achikuda nthawi zambiri ankangowerengedwa, "awiri aphedwa, asanu avulala." Komabe mudzadziwa pomwe gululo linali tsiku limenelo. Athu anali ndi 11th East Africa Division m'chigwa cha Kabaw, mvula yosalekeza ili mkati, malungo akugwetsa anthu ngati zipolopolo, akulowera ku mtsinje wa Chindwin kumapeto kwa 1944.

5. Kuno kwathu

National Archives of Malawi ku Zomba ili ndi mafailo a maboma a nthawi ya atsamunda. Tengani chiphaso, dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma monga ankalitchulira kale. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ilinso ndi zolemba za Keyala.

6. Satifiketi ndi chithunzi

Patsamba la munthu wanu pali satifiketi yachikumbutso yaulere. Ikopereni, kaisindikizeni papepala lolimba, muike m'felemu. Chithunzi cha dzina pachipilala funsani a CWGC kaye musanalipire aliyense. Yathu ili pakhoma kwa agogo, ndipo kalata ya ku Ceylon tinaiika kuseri kwa felemuyo.