Kuchotsa masamba pa mphesa za Pinot Noir ku Hemel-en-Aarde

Mphesa za Pinot Noir, mtundu wopangira vinyo, zili ndi khungu lopyapyala, ndipo pa tsango zimathithikana kwambiri moti mpweya sudutsa pakati. Mame kapena mvula ikalowa mkati mwa tsango, chinyezi chimakhalitsa, kenaka chuku chotuwa chotchedwa botrytis chimayamba kuoletsa zipatso kuchokera mkati. Mukamadzachiona kunja, tsangolo latha kale. Inu amene mukugwira ntchito m'minda ya m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kuseri kwa tauni ya Hermanus ku South Africa, ino ndiyo nkhondo yanu ya chaka chilichonse.

Chigwachi chili pafupi ndi nyanja ku Walker Bay, ndipo mphepo yochokera kunyanja imaziziritsa minda m'miyezi yotentha. Kuzizira kumeneku ndi kumene kunachititsa a Tim Hamilton Russell, amene anayambitsa famu ya vinyo ya Hamilton Russell Vineyards, kugula malo kuno mu 1975 n'kubzala mtunduwu, womwe kwawo ndi ku Burgundy ku France. Mphesa zimapsa pang'onopang'ono, kowawasa kake sikathawa msanga, vinyo amatuluka wabwino. Koma nyanja yomweyo imabweretsanso chinyezi.

Mankhwala opopera amathandiza, inde, koma safika pa tsango lobisika m'masamba. N'chifukwa chake timathothola masamba ozungulira matsango. Nthawi yake ndi maluwa akangoyoyoka, zipatso zikadali zazing'ono, zobiriwira ndi zolimba, cha mu Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala. Zipatso zoona dzuwa zikadali choncho zimalizolowera. Mukachedwa mpaka zitayamba kusintha mtundu, kuzivundukula mwadzidzidzi n'kuziwotcha: mbali yoyang'ana dzuwa imafiira ngati yapsa ndi moto, imanyala, ndipo vinyo wake amamveka kuwawa.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ngati mizere yalunjika kumpoto ndi kummwera, thotholani mbali ya kummawa yokha. Dzuwa la m'mawa ndi lofatsa, limaumitsa mame msanga. Mbali ya kumadzulo isiyeni ndi masamba ake, chifukwa dzuwa la masana mu Januwale silichita nthabwala, ngakhale kufupi ndi nyanja. Ngati mizere yalunjika kwina, funsani kapitawo mbali yomwe imawombedwa ndi dzuwa la masana, muisiye. Chotsani masamba awiri kapena atatu a m'munsi pa mphukira, makamaka amene alowa mkati n'kugona pa tsango. Tsamba limodzi la pamwamba pa tsango lisiyeni lichite mthunzi. Mukaima pamzere muziona matsango mwa apo ndi apo, osati onse ali pambalambanda. Pamene amalipira potengera mizere yomwe munthu wamaliza, manja amafulumira n'kupulula mbali zonse ziwiri; eni minda aganizirepo, chifukwa tsamba lothothoka silibwerera.

Mukadali m'mizere, maso akhale pa nyerere. Zikamakwera ndi kutsika pa mtengo wa mpesa, kawirikawiri kuli tizilombo toyera tonga kodikodi wa chinangwa, tobisala pansi pa khungwa ndi m'matsango. Timeneti timafalitsa kachilombo ka leafroll, kamene kavutitsa minda yambiri ya m'dera lino la Cape. Mpesa wogwidwa umaonekera chakumapeto kwa nyengo: masamba amapindikira pansi, amafiira koma mitsempha imakhala yobiriwira, ndipo zipatso sizipsa bwino. Mankhwala ochiza palibe. Mangani kansalu pa mpesawo kuti udzazulidwe ndi mizu yomwe.

Kukolola kumafika cha mu Febuluwale. Thyolani m'mamawa kusanatenthe, m'makreti ang'onoang'ono, osadzaza mpaka pakamwa, chifukwa za pansi zimaphwanyika n'kuyamba kuchucha madzi. Tsango loola lidulireni pansi pomwepo, lisalowe m'kreti.

Pamafamu ogulitsa vinyo wolembedwa kuti estate, malamulo a dziko la South Africa otsimikizira komwe vinyo wachokera, otchedwa Wine of Origin, omwe anayamba mu 1973, amafuna kuti mphesa zilimidwe, vinyo apangidwe ndi kuikidwa m'mabotolo pamalo omwewo olembetsedwa. Chuku chikadya gawo la munda, mwini sangagule mphesa kwa mnansi kuti akwaniritse mabotolo a dzina limenelo. Zomwe zapulumuka m'mizere ndi zomwezo.