Momwe mungalembere hadha, dhalika ndi anzake m'Chiarabu osaphonya

Mawu oloza, amene kumadrasa timawatchula kuti asmaul ishara, si ambiri ayi. Alifu, baa, taa mukuzidziwa kale, ndiye kumeneko sindibwererako.

Yambani ndi anayi okha. Chapafupi chachimuna ndi hadha (هذا), chachikazi hadhihi (هذه). Chapatali chachimuna ndi dhalika (ذلك), chachikazi tilka (تلك). Lowezani amenewa kaye.

Tsono pamene ndinagwa ine ndi pa kalembedwe. Mukamatchula hadha, mawu oyambawo amakoka: haa. Khutu limamva alifu, dzanja nalo n'kuthamangira kumulemba. Ine ndinadzaza tsamba lathunthu ndi هاذا, ndikudziona ngati katswiri, mpaka ustazi anabweza kope langa litafiira ndi inki. Anangondifunsa kuti, "Mwanawe, alifu ameneyu wamutola kuti?" Alifuyo amamveka pakamwa koma salembedwa. Mu Qur'an mudzamuona ngati kamzere kakang'ono koimirira pamwamba pa chilembo, kotchedwa alifu khanjariyya chifukwa kamafanana ndi mpeni waung'ono, koma m'nyuzi ndi m'makalata kamzereko sakaikamo n'komwe. Zilinso choncho pa hadhihi, pa dhalika pambuyo pa ذ, ndi pa haulai (هؤلاء), liwu lolozera ambiri apafupi. Wozunguza mutu kwambiri ndi ulaika (أولئك), lolozera ambiri apatali: wawu alipo papepala koma samveka, pomwe alifu wa pambuyo pa lamu amamveka koma papepala palibe. Ndinakonza polemba liwu lililonse maulendo 20 ndisanagone, kwa sabata yathunthu, mpaka dzanja linasiya kumvera khutu.

Chenjeraninso ndi timabuku tafotokope ta m'mbali mwa msewu. Kanga ndinakagula motchipa, koma timadontho tinali titafufutika, ذ n'kumaoneka ngati د, ine n'kumawerenga "hada" mwezi wonse. Tsegulani tsamba muone timadontho musanapereke ndalama. Kiyibodi ya Chiarabu pafoni ndi yaulere, wina asakulipiritseni kuti akuikireni.

Kagwiritsidwe kake, yang'anani al (ال), kachidutswa kamene kamaikidwa kumayambiriro kwa dzina. Hadha kitabun ndiye kuti "ili ndi buku", pomwe hadhal kitabu ndi "buku ili". Ife liwu loloza timaliika pambuyo pa dzina, Aarabu amaliika patsogolo, monga dhalikal kitabu pa ndime 2 ya Surat al-Baqara. Limapita kumbuyo dzina likakhala ndi mwini: kitabi hadha, "buku langa ili".

Haulai ndi ulaika ndi za anthu. Mbuzi, mabuku, nyumba, zikachuluka zimatengedwa ngati chinthu chimodzi chachikazi, ndiye mumati hadhihi kutubun, "awa ndi mabuku", osati haulai.

Za zinthu ziwiri mudzaziona m'tsogolo: chachimuna hadhani (هذان) ndi chachikazi hatani (هاتان), zomwe nthawi zina zimasanduka hadhaini ndi hataini. Pa hatani ndi hataini pokha, alifu wa pambuyo pa haa mumulembe ndithu.